Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo pa za moyo wa odwala zipsera za m'mapapo

Olemekezeka a nduna za zaumoyo, oyang'anira zipatala, ndi inu nonse amene mumagawa ndalama za mankhwala ndi zipangizo,

Takulemberani ife amene timasamalira anthu odwala mapapo: madokotala, anamwino, ochititsa mafizo ndi osamalira odwala matenda osachiritsika. Nkhani yathu ndi ya anthu amene mapapo awo achita zipsera, matenda amene m'mabuku a zachipatala amatchedwa pulmonary fibrosis. Pempho lathu ndi limodzi, ngakhale lili ndi nthambi zingapo. Chithandizo cha anthu amenewa muzichiyeza poona zimene akutha kuchita pa tsiku, monga kusamba, kuvala, kufika kuchimbudzi, kugona ndi kucheza ndi ana awo, ndipo ndalama zizitsatira muyeso umenewo.

Mapapo a munthu ali ndi timatumba ta mpweya toposa 300 miliyoni. Khoma la kathumba kalikonse ndi lopyapyala kwambiri kuti mpweya wa okosijeni uzidutsa mosavuta kulowa m'magazi. Pa matendawa khomalo limakhuthala n'kulimba ngati chipsera cha bala la moto. Mapapo amakanika kufutukuka, choncho munthu amapuma mofulumira koma mpweya wosafika pansi. Komanso okosijeni amachedwa kudutsa khoma lokhuthalalo, makamaka pamene magazi akuthamanga. N'chifukwa chake wodwala amaoneka bwinobwino atakhala pabenchi, koma akangoyenda pang'ono befu limamugwira, n'kuima chogwira m'maondo. Chipsera chikakhazikika sichichokanso. Pa mtundu wosadziwika chiyambi chake, umene umatchedwa IPF, theka la odwala linkamwalira pasanathe zaka zitatu mpaka zisanu chipezekereni matendawa, mankhwala amakono asanabwere. Zaka zimenezi n'zochepa, ndiye tsiku lililonse lotayika pamzere wa chipatala kapena pamankhwala olakwika ndi lalikulu.

Masiku ambiri amatayika matendawa asanadziwike n'komwe. Chifuwa chouma chosatha, phuma, kutopa ndi kuwonda zimafanana ndi chifuwa chachikulu cha TB, mphumu kapena matenda a mtima. Wodwala amamwa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi makhololo ake asanaonetsepo kachilombo, osasintha, kenaka n'kuyambitsidwanso. Wina amapatsidwa mankhwala opopera a mphumu, pamene vuto lake si kuthina kwa njira za mpweya. Koma zizindikiro zolozera ku zipsera sizifuna makina odula. Wogwira ntchito pachipatala chaching'ono akamvetsera kumsana, kumunsi kwa mapapo onse awiri, amamva kuthetheka kwa tizing'onoting'ono pamene wodwala akukoka mpweya, ngati phokoso la zomatira nsapato zikamamatulidwa, ndipo sikuchoka ngakhale wodwala atsokomole. Ambiri nsonga za zala zimatupa, zikhadabo n'kupindika. Otsalawo ndi mafunso, ndipo afunika kulembedwa pa fomu kuti asamaiwalike. Kodi munagwirapo ntchito kumgodi, kophwanya miyala, kodula matailosi kapena pa malata a asibesitosi? Mumaweta nkhunda kapena mbalame zina? M'nyumba muli nkhungu ya chinyezi? Mfundo za zala zimatupa, khungu likulimba? Munamwapo mankhwala a amiodarone kapena nitrofurantoin nthawi yaitali, kapena kulandira bleomycin? Tikupempha lamulo lomveka: munthu amene wayezedwa TB mokwanira osapezeka nayo, koma ali ndi phuma lopitirira ndi kuthetheka kumeneku, atumizidwe kokajambulidwa ndi makina ojambula m'kati mwa thupi, CT scan ya m'chifuwa yoonetsa zinthu mwatsatanetsatane, chifukwa ekisire wamba amaphonya zipsera zoyambirira. Chithunzicho achikambirane pamodzi dokotala wa mapapo, katswiri wa zithunzi ndi dokotala wa nyamakazi, ngakhale kudzera pa intaneti ngati ali kutali.

Kudziwa mtundu wa matenda n'kofunika chifukwa mankhwala othandiza mtundu wina amavulaza pa wina. Prednisolone amathandiza ena amene zipsera zawo zikuchokera ku kutupa, monga za nyamakazi kapena za fumbi la mbalame. Koma kafukufuku wa PANTHER, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012, anaonetsa kuti odwala IPF amene ankamwa prednisone (wofanana ndi prednisolone), azathioprine ndi N-acetylcysteine pamodzi ankamwalira ndi kugonekedwa m'chipatala kuposa amene sankamwa. Chizolowezi chopatsa prednisolone aliyense wa phuma miyezi ndi miyezi chimabweretsa shuga, kufooka kwa mafupa ndi minofu, ndipo chimadzutsa TB yogona.

Tsono muyeso uja. Kaundula wa chipatala amalemba kuti wodwala wabwera, walandira mankhwala, wapita. Salemba kuti munthuyo wasiya kusamba yekha. Zipangizo zoyezera zimenezi zilipo kale. Pali sikelo ya mMRC yoyeza kukula kwa phuma, yoyambira pa 0 kufika pa 4, ya funso limodzi lokha: pa 2 munthu amatsalira anzake a msinkhu wake poyenda, pa 3 amaima kuti apume akayenda mamita pafupifupi 100, pa 4 satulukanso m'nyumba kapena amabanika povala ndi povula. Pali mafunso 15 a K-BILD, amene anakonzedwa ku London, ofunsa za phuma, za m'chifuwa ndi za maganizo. Ndipo pali kuyenda kwa mphindi zisanu ndi chimodzi, komwe kumangofuna khonde lathyathyathya la mamita 30, mpando, wotchi ndi kachipangizo koyeza okosijeni pachala. Wodwala amayenda uku ndi uku mmene angathere, akhoza kuima kupuma koma wotchi siima, ndipo namwino amalemba mamita amene wayenda ndi nambala yotsikitsitsa ya okosijeni. Akamva kupweteka pamtima, chizungulire, kapena nambala ikatsika pansi pa 80, kuyezako kumalekeka. Zitatuzi, pamodzi ndi kuuzira mpweya m'makina a spirometry oyeza mphamvu ya mapapo, zizichitika miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi iliyonse. Mpweya umene munthu amatha kutulutsa ukatsika ndi 10 peresenti kapena kuposa, matenda akukula ndipo chithandizo chiunikidwenso.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuyeza okosijeni wodwala atakhala pansi mphindi makumi atatu pamzere, n'kupeza 94, n'kumuuza kuti ali bwino. Munthu yemweyo akayenda amatsika kufika m'ma 80. Kachipangizo ka pachalako nakonso kali ndi zofooka zake. Kamasokonezeka zala zikazizira kapena zikhadabo zikapakidwa utoto, ndipo pa anthu a khungu lakuda kamatha kuonetsa nambala yokwererapo kuposa yeniyeni. Ogula zipangizo azifunsa opanga ngati zinayesedwa pa anthu a khungu lakuda.

Apa tichedwepo pang'ono, chifukwa nkhani ya okosijeni ndi imene imasankha ngati munthu akhala m'chipinda moyo wake wonse kapena ayi. Amene nambala yake imakhala pa 88 kapena kutsikirapo ngakhale atakhala phee afunika okosijeni wa kunyumba kwa maola osachepera 15 pa tsiku, kuphatikizapo usiku. Amene amatsika poyenda pokha afunika wonyamula, ndipo kafukufuku wa AmbOx wa ku UK mu 2018 anapeza kuti okosijeni woyenda naye anachepetsa phuma ndi kukweza moyo wa anthu otere. Mu 2023 mayiko a mu bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anagwirizana zokulitsa kapezekedwe ka okosijeni. Mapulani ambiri amathera m'mawodi, koma wodwala zipsera amakhala kunyumba masiku ochuluka kuposa m'chipatala.

Kupereka makina okha si kuthetsa vuto. Makina osefa okosijeni a kunyumba ambiri amafika malita asanu pa mphindi, ena khumi, ndipo amadya magetsi pafupifupi mawati 300 kapena kuposa, usana ndi usiku. Magetsi akazima nawonso amazima, choncho nyumba iliyonse yolandira makina ilandirenso silinda yodikirira, ndipo bilu ya magetsi iganiziridwe, apo ayi banja limayamba kuzimitsa makina masana kuti lisunge ndalama. Makinawa amaikidwa patali masentimita 30 ndi khoma kapena makatani kuti azikoka mpweya bwino. Sefa yakunja imachapidwa sabata iliyonse, n'kuumitsidwa kaye isanabwezedwe. Fumbi ndi chinyezi zimapha timichenga tosefa ta m'kati, ndipo choopsa n'chakuti makina otere amapitiriza kulira ndi kuuzira ngati ali bwino pamene akutulutsa mpweya wamba. Makina abwino amatulutsa okosijeni wa 90 peresenti kapena kuposa, ndipo akatsika pansi pa 82 ndiye kuti afa. Izi zimadziwika bwino ndi kachipangizo koyezera, choncho pa mgwirizano uliwonse wogula makina pakhale amisiri, zida zosinthira ndi ulendo wokayeza kunyumba. Makina opanda mmisiri amangokhala miyezi yochepa.

Silinda nayonso ili ndi masamu ake amene banja liyenera kuphunzitsidwa. Silinda ya malita 680 imatha maola asanu ndi mphindi 40 pa malita awiri pa mphindi. Pa malita anayi sifika maola atatu, pa malita asanu ndi limodzi sifika maola awiri. Odwala zipsera amafuna malita ambiri poyenda kuposa odwala mapapo ena, ndipo timakina ting'onoting'ono ta batire totulutsa mpweya pokhapokha munthu akakoka nthawi zambiri sitiwakwanira, chifukwa amapuma mofulumira kwambiri. Mlingo wa okosijeni upezedwe pomuyendetsa wodwala ali ndi chipangizo chimene akapite nachocho, osati pongoganizira. Kupitirira malita anayi mphuno zimauma n'kutuluka magazi, ndiye pafunika botolo la madzi lonyowetsera mpweya. Popaka m'mphuno asagwiritse ntchito mafuta a petulo ngati Vaseline, koma ozola a madzi. Fodya, kandulo ndi moto wophikira zikhale patali mamita osachepera awiri, pakuti okosijeni amakolezera moto modabwitsa. Payipi yaitali ya mamita mpaka 15 imalola munthu kufika kubafa ndi pakhonde osavula, ndipo kanthu kotchipa kameneka kamabweza ufulu wochuluka.

Pambuyo pa okosijeni, chachiwiri ndi mafizo. Munthu wa befu amaopa kuyenda, akasiya kuyenda miyendo imafooka, miyendo yofooka imadya okosijeni wambiri pa ntchito yochepa, befu n'kukula. Pulogalamu ya mafizo a mapapo imadula msampha umenewu. Imatenga masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, kawiri pa sabata pamaso pa wophunzitsa, masiku ena kunyumba. Muli kuyenda kapena kupalasa njinga yoima mphindi 20 mpaka 30, kudzuka ndi kukhala pampando, kunyamula tizitsulo topepuka, ndi maphunziro a kapumidwe. Wofooka kwambiri amachita mphindi imodzi n'kupuma imodzi, ali pa okosijeni ngati afunika. Pamene ofufuza a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, anasonkhanitsa maumboni mu 2021, anapeza kuti odwala anawonjezera mamita pafupifupi 40 pa kuyenda kwa mphindi zisanu ndi chimodzi, phuma linachepa, ndipo moyo wawo unakhalako bwino. Mamita 40 pa pepala amaoneka ochepa, koma kwa wodwala ndi mtunda wochoka pabedi kufika kuchimbudzi ndi kubwerera. Zofunika ndi chipinda, mipando, silinda imodzi ndi wophunzitsa wolembedwa ntchito. Chimene chimagwetsa mapulogalamuwa kawirikawiri ndi ulendo: munthu wobanika sangakwanitse kubwera kutali kawiri pa sabata. Aikidwe m'zipatala zapafupi ndi anthu, wodwala ayambe atangodziwika matenda, ndipo aloledwe kubwereza, chifukwa mphamvu zimabwerera m'mbuyo akasiya.

Chifuwa chouma ambiri amachitenga ngati chaching'ono. Pali odwala amene amatsokomola kambirimbiri pa ola, mpaka kusanza, kutaya mkodzo, kulephera kumaliza chiganizo pafoni. Anthu amawatalikira poganiza kuti ndi TB, pamene zipsera sizipatsirana. Poyamba pafunika kuchotsa zoyambitsa zina, monga mankhwala a BP a gulu la enalapril ndi captopril, chilungulira, ndi chimfine chotsikira kukhosi. Zikakanika, pali umboni watsopano. Kafukufuku wa PAciFy wa ku UK, wotuluka mu 2024, anapeza kuti morphine (mankhwala amphamvu ochepetsa ululu) wotuluka pang'onopang'ono, mamiligalamu asanu kawiri pa tsiku, anachepetsa kutsokomola ndi 39 peresenti mwa odwala IPF. Mlingo wochepa woterewu umathandizanso ena a befu lalikulu matenda akafika patali. Si onse amene amawathandiza, choncho amayesedwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri, n'kusiyidwa ngati palibe kusintha, ndipo nthawi zonse amaperekedwa limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba chifukwa amadzimbitsa. Morphine ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, koma m'malo ambiri malamulo ndi mantha zimamusungira odwala khansa okha. Tikupempha kuti ndondomeko zanu zitchule poyera odwala mapapo.

Pali zinanso zosadula zimene namwino aliyense angaphunzitse m'mphindi khumi. Kafani kakang'ono ka m'manja, kogwiridwa masentimita 15 kuchokera kumaso n'kulozetsedwa pamphuno ndi pakamwa, kamachepetsa kubanika chifukwa kamphepo kozizira kamakhudza mitsempha ya kumaso imene imatumiza uthenga ku ubongo. Kukhala chowerama, zigongono zili pamaondo, mapewa atagwetsedwa, kumathandiza befu kudutsa. Kusamba chokhala pampando, kuvala chokhala, kutulutsa mpweya pamene ukunyamula chinthu, kudya pang'onopang'ono kangapo m'malo modzaza mimba kamodzi, zonsezi zimasunga mphamvu.

Mankhwala ochedwetsa zipsera amene akhala akugwiritsidwa ntchito kwambiri ndi awiri, pirfenidone ndi nintedanib, onse ovomerezedwa ku America mu 2014. Amachepetsa liwiro la kuwonongeka kwa mapapo ndi pafupifupi theka, ndipo kafukufuku wa INBUILD mu 2019 anaonetsa kuti nintedanib amathandizanso pa mitundu ina ya zipsera zopitirira kukula. Tikufuna apezeke. Koma wodwala auzidwe zoona: mankhwalawa sachotsa chipsera ndipo iye sadzamva kupepukidwa, ntchito yawo ndi kusunga zotsala. Wosauzidwa izi amasiya mwezi wachiwiri. Ndiponso walira mvula walira matope, wogula mankhwalawa agulenso zowatsatira. Nintedanib amamwedwa mamiligalamu 150 kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12, pamodzi ndi chakudya. Anthu pafupifupi asanu ndi mmodzi mwa khumi amatsegula m'mimba, choncho loperamide, mankhwala oletsa kutsegula m'mimba, aperekedwe tsiku loyamba lomwelo, ndipo zikapitirira mlingo umatsitsidwa kufika 100 m'malo mosiyiratu. Mayi woyembekezera samwa. Pirfenidone amakwezedwa pang'onopang'ono: kapisozi mmodzi wa mamiligalamu 267 katatu pa tsiku sabata yoyamba, awiri sabata yachiwiri, atatu kuyambira tsiku la 15, nthawi zonse pakati pa chakudya kuti nseru ichepe. Amachititsa khungu kupsa ndi dzuwa, ndiye chipewa, zovala za manja aatali ndi mafuta oteteza kudzuwa ndi mbali ya chithandizo. Fodya amachepetsa mphamvu yake. Onse awiri akhoza kuvulaza chiwindi, choncho magazi amayezedwa asanayambe, kenaka mwezi ndi mwezi m'miyezi yoyambirira, kenaka miyezi itatu iliyonse. Chipatala chimene chili ndi mankhwalawa koma labu yake ilibe zoyezera chiwindi chikuika odwala pangozi. Ndipo wodwala akayamba kumwa, mankhwalawa asamasowe pakati, chifukwa mpweya wotayika m'miyezi yodikira subwereranso.

Kubanika kumabala mantha, mantha amafulumizitsa kupuma, kupuma kofulumira kumakulitsa kubanika. Odwala ambiri amakhala ndi nkhawa ndi kukhumudwa, amasiya ntchito, ena amachita manyazi kutuluka ndi timapayipi pamphuno. Wowasamalira kunyumba sagona tulo, amangomvetsera ngati mnzake akupumabe. Anthu awiriwa afunika namwino mmodzi womudziwa dzina, ndi nambala ya foni imene imayankhidwa. Afunikanso pepala lolembedwa m'chilankhulo chawo lonena zochita befu likabwera usiku, ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala: phuma lokula msanga m'masiku ochepa, kutentha thupi, milomo kuda, kusokonezeka mutu, kapena kufuna okosijeni wochuluka kuposa masiku onse. Pali nthawi imene matendawa amakula mwadzidzidzi pasanathe mwezi, ndipo pafupifupi theka la ogonekedwa chifukwa cha zimenezi satuluka amoyo. N'chifukwa chake katemera wa chimfine, wa chibayo ndi wa COVID-19 ayenera kuwafika mwaulere, ndipo zokambirana za zofuna za wodwala, monga ngati angafune kuikidwa pa makina opumira ndi kumene angakonde kusamaliridwa pamapeto, zichitike akadali ndi mpweya wolankhulira. Chisamaliro chochepetsa ululu chisamadikire sabata yomaliza. Chiziyamba pamodzi ndi chithandizo china, ndipo magulu ochipereka aloledwe kulandira odwala mapapo monga amalandirira a khansa. Kumene kuika mapapo ena kumatheka, woyenerera atumizidwe msanga asanafooke.

Gawo lina la zipserazi n'lopeweka, ndipo apa tikupempha kuti mulankhule ndi anzanu a zantchito ndi a zamigodi. Fumbi la miyala likalowa m'mapapo silitulukanso, matenda ake amatha kuonekera patapita zaka khumi kapena makumi awiri munthu atasiya ntchito, ndipo amamuika pachiopsezo chachikulu cha TB. Kudula ndi kuboola miyala mothira madzi, makina okoka fumbi pamalo pomwe likutuluka, kusesa konyowetsa ndi zotchinga kumphuno zoyenera zimachepetsa ngoziyi. Kansalu wamba sikatchinga fumbi losaoneka ndi maso limene limafika m'timatumba tija. Dziko la Australia linaletsa miyala yochita kupanga ya pamatebulo a kukhitchini kuyambira pa 1 Julayi 2024 litaona anyamata odula miyalayo akudwala. Amene anadwala kale afunika kuyezedwa, kulembedwa ndi kulandira chipukuta misozi akadali moyo.

Mu bajeti ikubwerayi tikupempha kuti okosijeni wa kunyumba, pamodzi ndi silinda yodikirira ndi mmisiri wake, akhale ndi mzere wakewake wa ndalama, kuti mafizo a mapapo ayambe m'chipatala chilichonse chachikulu n'kufalikira kuzing'onozing'ono, ndi kuti nambala ya mMRC ndi mamita a kuyenda kwa mphindi zisanu ndi chimodzi zilowe m'kaundula ndi m'malipoti amene mumalandira. Ife tili okonzeka kulemba ndondomeko zake, kumasulira mafomu ndi kuphunzitsa anamwino oyamba. Tikudikira kuti mutiuze tsiku loti tidzakhale pansi.

Ife anu,

Madokotala, anamwino, ochititsa mafizo ndi osamalira odwala mapapo